Bweretsani chionetsero cha zaulimi kwa Mposa, ndipo mubwere ndi sikelo

Zionetsero za zaulimi zomwe zimachitika m'maboma mwathu zinapulumuka m'manja mwa mlimi, ndipo nthawi yakwana yoti zibwerere kwa mwini wake. Aliyense amene anafikapo pa chionetsero chotere akudziwa m'mene tsikulo limayendera. Alimi amalawirira m'mamawa, ena dengu lili pamutu, ena atamangirira mbuzi pakaliyala wa njinga. Amayala zokolola zawo pamphasa n'kuyamba kudikira. Mlendo wolemekezeka, amene anauzidwa kuti mwambo uyamba 9 koloko, amatulukira dzuwa lili paliwombo. Amamuyendetsa m'matenti a mabungwe ndi a makampani ogulitsa mbewu, kenako magule, kenako zoyankhula zosatha. Mphotho zimaperekedwa mothamanga dzuwa litapendeka, mbuzi zili wefuwefu, chifikireni osalawa madzi. Wopambana amalandira satifiketi ndi khasu kapena ndowa, amujambula chithunzi, basi zatha. Wogonja sauzidwa chomwe wagonjera. Wopambanayo naye sadziwa chomwe wapambanira. Onse awiri amasenza katundu wawo kubwerera kumudzi, komwe venda akuwadikira ndi sikelo yake yomwe ija.

Ndikulemba izi mtima uli kudera la Mfumu Mposa m'boma la Machinga. Ndi dera lomwe lili ndi zambiri zoti lionetse. Kumtunda kuli mapiri a Chikala, kumunsi kuli nyanja ya Chilwa ndi madambo ake, ndipo pakati pali sikimu ya mpunga ya Domasi, ya mahekitala pafupifupi 500, yomwe inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la dziko la Taiwan. Anthu akumeneko amadziwa mpunga wa Faya, Kilombero, Pusa ndi TCG 10 pongoyang'ana njere padzanja. Amalima nandolo, chimanga, chinangwa ndi mbatata, amaweta mbuzi, nkhuku ndi abakha, ndipo nyanja ikakhala ndi madzi amaanika matemba ndi kuwamba milamba. Amadziwanso mavuto. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inadzaphwanso mu 2018, asodzi n'kusanduka alimi usiku umodzi. Anthu oterewa safunika kuwaphunzitsa kugwira khasu. Chomwe akusowa ndi bwalo lomwe ntchito yawo ingaweruzidwe poyera, mwachilungamo, pamaso pa ogula.

Tili nacho chionetsero chachikulu cha dziko lonse, National Agriculture Fair, chomwe bungwe la amalonda la MCCCI limakonza chaka ndi chaka ku Chichiri mumzinda wa Blantyre mogwirizana ndi Unduna wa Zamalimidwe. Ndilibe nacho chifukwa. Koma mayi wa kwa Mposa amene ali ndi mbuzi zisanu ndi chigawo chimodzi cha mpunga sadzafikako. Ngakhale ku Liwonde, komwe kuli likulu la chigawo cha zaulimi cha Machinga ADD, n'kutali kwa munthu wokoka mbuzi pachingwe. Zotsatira zake n'zakuti amene amapita kukaimira alimi ndi omwe aja asankhidwa ndi bungwe lomwe lili ndi galimoto, atavekedwa malaya a bungwelo, kukaonetsa zomwe bungwelo likufuna kuti abwana ake aone. Anzathu a ku Zambia anaika makwerero. Alimi amapikisana kaye kudera kwawo, opambana amapita kuboma, kuchoka apo kuchigawo, mpaka ku chionetsero chachikulu cha ku Lusaka chomwe chimachitika cha kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo Lolemba loyamba la mweziwo ndi tchuthi cha alimi. Munthu amakwera chifukwa wapambana anzake, osati chifukwa mkulu wa pulojekiti amamudziwa dzina. Ife tili nawo kale ma EPA, madera a ulangizi wa zaulimi. Domasi, Nsanama, Nanyumbu ndi Chikweo ku Machinga. Utale, Ulongwe, Bazale ndi Phalula ku Balaka. Makwererowo alipo, sitikuwakwera.

Koma kusuntha malo kokha sikukwanira. Mtima wa chionetsero ndi kuweruza, ndipo apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri.

Tiyambe ndi mbuzi. Kawirikawiri imapambana ndi mbuzi yaikulu kuposa zonse, ndipo yaikuluyo imakhala tonde wa mtundu wa Boer amene anaperekedwa ndi bungwe miyezi ingapo yapitayo. Mlimi amene waweta mbuzi zachikuda kwa zaka khumi, osataya ngakhale mwana mmodzi nthawi ya dzinja, amangoyang'ana. Kodi pamenepa tayamikira ulimi kapena tayamikira mphatso? Mbuzi zamakono zipikisane pazokha, zachikuda pazokha, atonde paokha, zazikazi pazokha. Ndipo woweruza asaime patali ndi cholembera. Aigwire mbuziyo anthu akuona. Aitsegule kukamwa, awerenge mano akutsogolo a m'munsi, auze anthu kuti mano awiri akuluakulu akutanthauza chaka chimodzi ndi miyezi, ndipo akakwana asanu ndi atatu ndiye kuti mbuziyo yafika zaka zinayi. Atembenuze chikope cha m'munsi: chikakhala chofiira bwino magazi alimo, chikayera ndiye kuti njoka za m'mimba zaimaliza. Ayendetse dzanja pamsana kuti amve mnofu, ayang'ane nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, anyamule mwendo aone ngati ziboda sizikuola chifukwa chogona m'matope. Ikakhala yaikazi aone bere ndi nsonga zake ziwiri, afunse mwini wake kuti yaswa kangati, ana angati anakula. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndipo yosamalidwa bwino imatha kuswa katatu pa zaka ziwiri. Imeneyo ndiyo yoyenera mphotho, ngakhale ikhale yaing'ono thupi.

Akatha zonsezi, woweruza atenge chimkuzamawu anene mokweza: iyi yapambana pa chifukwa ichi, iyi yagonja pa chifukwa ichi. Anene m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa kwa Mposa agogo ambiri nkhani imawalowa bwino m'Chiyao. Mpikisano wopanda zifukwa uli ngati mlandu womwe mfumu yagamula kuseri kwa nyumba: ngakhale chigamulocho chikhale cholondola, palibe amachikhulupirira. Mphindi khumi za woweruza wodziwa ntchito yake ali ndi mbuzi m'manja zimaphunzitsa anthu mazana nthawi imodzi. M'dziko lomwe mlangizi mmodzi amayang'anira alimi pafupifupi 2,000 kapena kuposa, mwayi woterewu sitiyenera kuutaya pomvetsera zoyankhula.

Za zokolola nazo n'chimodzimodzi. Tinazolowera kupereka mphotho kwa munthu amene wabwera ndi chimanga chachikulu kwambiri. Komatu m'munda uliwonse, ngakhale wokanika, pachulu pamakhala mapesi awiri atatu obereka bwino. Munthu akhoza kusankha zimenezo, kapena kukabwereka kwa mnzake, n'kudzapambana nkhokwe yake ili pululu. Mpikisano wa chimanga uyambire kumunda. Amene akufuna kupikisana alembetse mvula isanagwe. Mlangizi ndi alimi otsogolera akaone mizere ngati yatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando monga amalangizira. Pokolola ayeze kachigawo kofanana m'munda uliwonse, atonole, aumitse, aike pasikelo. Tsiku la chionetsero mlimi abwere ndi ndowa yotapidwa m'thumba lililonse lomwe oweruza aloza, osati yomwe iye wasankha. Aone anankafumbwe, aone chuku. Pamenepo tidzadziwa mlimi weniweni.

Mpunga ndiye ndikufuna tiuchitire ulemu wapadera, chifukwa ndiwo chuma cha kwa Mposa. Mpunga suweruzidwa ndi maso uli m'makoko. Pabwalo pakhale chigayo chaching'ono. Wopikisana aliyense apereke muyeso wofanana, upunthidwe anthu akuona, uikidwenso pasikelo. Mpunga wosamalidwa bwino umatulutsa makilogalamu pakati pa 60 ndi 70 pa makilogalamu 100 alionse osapuntha. Ndiyeno woweruza athire pang'ono m'lichero, alekanitse njere zathunthu ndi zosweka, atole timiyala, aonetse njere za mtundu wina zomwe zasakanikirana. Afotokoze kuti mpunga wochedwa kudula kapena woanikidwa mopitirira padzuwa lamphamvu umang'aluka mkati, n'chifukwa chake umasweka m'chigayo. Kuti timiyala timalowa poanika padothi popanda mkeka kapena lona. Kuti Kilombero wosakanizidwa ndi Pusa wogula wa m'tauni amamugula pamtengo wa Pusa. Alimi ambiri amataya ndalama pa zinthu zitatu zimenezi chaka chilichonse, osadziwa kuti zikuthawira pati. Kenako mpungawo uphikidwe, amayi alawe, anene za fungo ndi kakomedwe. Iwo ndiwo akatswiri.

Tsopano sikelo. Ndaika mawuwa pamutu pa nkhaniyi mwadala. Palibe chinthu chomwe chimawawa mlimi wa ku Machinga ndi ku Balaka kuposa kuberedwa m'maso muli gwa pa sikelo ya venda. Thumba lomwe kunyumba linali lodzadza mpaka kukamwa, likakolekedwa pamtengo paja muvi umaima pa makilogalamu 43 kapena 45. Ukadandaula akuti tenga katundu wako uzipita, ndipo iwe uli ndi mwana wodwala kapena ngongole ya kubanki ya m'mudzi. Kwina sagwiritsa n'komwe sikelo, amagula ndi ndowa yomwe anaikulitsa poimenya m'mbali. Unduna umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma mtengo wa pakilogalamu ulibe tanthauzo ngati kilogalamuyo ndi yabodza. Pomwe ADMARC inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, alimi ambiri akumidzi anatsala m'manja mwa ogula oterewa.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo lili ndi udindo woyeza masikelo m'dziko muno. Liitanidwe ku chionetsero. Libwere ndi miyala yake yoyezera, liike sikelo yovomerezeka pakati pa bwalo. Mlimi aliyense akhale ndi ufulu woyeza thumba lake, ndowa yake, ngakhale mbuzi yake, kuti adziwe kulemera kwake kwenikweni. Venda aliyense wogula m'deralo aitanidwe kuti abweretse sikelo yake iyesedwe pagulu, yolondola iikidwe chizindikiro. Amene akana kubwera, anthu adzadziwa okha chifukwa chake. Ine ndikukhulupirira kuti tebulo limodzi limeneli lingasiye ndalama zambiri m'matumba a alimi kuposa mphotho zonse za tsikulo kuziphatikiza.

Ndipo ogula akhalepo, ogula enieni okhala ndi ndalama ndi galimoto. Chionetsero chomwe chadzaza ndi ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala, koma chopanda wogula ngakhale mmodzi, ndi msika wokama mlimi. Tisaiwale zomwe zinachitika ndi nandolo. Alimi analimbikitsidwa kulima, mitengo inali yabwino, minda ya ku Machinga ndi Balaka inadzaza. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo kuchokera kunja, mitengo kuno inagwa mochititsa mantha, ndipo anthu anatsala ndi matumba m'nyumba akufumbwa. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana zoti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Ndi alimi angati a kwa Mposa amene anauzidwa za mgwirizano umenewu, kapena kukumana maso ndi maso ndi kampani yotumiza nandolo kunja? Komiti yokonza chionetsero iyambe ndi kulemba makalata kwa eni zigayo za mpunga a ku Zomba, Liwonde ndi Blantyre, kwa ogula nandolo, kwa opha mbuzi, kwa masukulu ogonera konko ndi malo ogona alendo. Kalata ya mlendo wolemekezeka ilembedwe pomaliza. Wogula aime pagulu anene mtundu womwe akufuna, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, makalabu ndi makopaletivi amve, agwirizane tsiku lokatenga katundu. Madzulo ziweto zomwe eni ake akufuna kugulitsa zigulitsidwe pa okushoni, ogula akupikisana mitengo poyera.

Pali chinthu china chomwe okonza zionetsero amachinyalanyaza, chonsecho chikhoza kusandutsa chisangalalo kukhala maliro a ziweto. Kusonkhanitsa nkhuku za m'midzi makumi awiri pamalo amodzi, nyengo yotentha ikuyandikira, ndi njira yachidule yofalitsira chitopa. Katemera wa I-2 alipo, amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka. Lamulo likhale lakuti nkhuku yosalandira katemera masabata awiri kapena atatu chisanafike chionetsero isalowe. Mlangizi wa ziweto aime pachipata, aone mbuzi ndi ng'ombe iliyonse kukamwa ndi kumapazi. Pakhale mthunzi, madzi ndi makola olekanitsa. Chiweto chikabwerera kumudzi chikhale pachokha masabata awiri. Lamulo limeneli lokha lingachititse kuti midzi yonse yozungulira itemere nkhuku nthawi imodzi, chinthu chomwe alangizi akhala akuchilalikira kwa zaka zambiri.

Ndikudziwa zomwe ena anganene. Choyamba adzati mipikisano imabala nsanje, ndipo kumudzi wopambana amayamba kulozedwa zala kuti anakhwimira, amakokera zokolola za anzake m'munda mwake. Mantha amenewa ndi enieni ndipo ali ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu malamulo a malimidwe ndi chindapusa, uku likukweza alimi ochepa osankhika, ndipo anthu anadana nazo zonse ziwiri. M'nthawi ya Kamuzu Banda kunali achikumbe, ndipo ngakhale ambiri anali alimi akhama, ngongole ndi alangizi zinkathamangira kwa iwo, wosauka n'kutsalira. Koma chomwe chimabala kulozana zala ndi chinsinsi. Anthu akaona ndi maso awo munda ukuyezedwa, akamva kuti mnzawo anadzala ndi mvula yoyamba, anapalira kawiri, anathira manyowa ngolo zakutizakuti, nkhani ya mankhwala imachepa mphamvu. Komanso mphotho zikuluzikulu zipite ku makalabu ndi midzi: mudzi womwe watemera nkhuku zambiri, gulu la m'sikimu lomwe ngalande zake ndi zolambulidwa bwino, kalabu yomwe yapatsirana mbuzi mokhulupirika. Mphothoyo ikhale yobereka. Tonde wabwino woti mudzi wonse ugwiritse ntchito, kuti mbuzi zileke kukwerana pachibale. Matumba a PICS osungira chimanga popanda mankhwala. Lona woanikira mpunga. Sikelo ya kalabu.

Ndipo dzina lolembedwa pa satifiketi likhale la amene anagwira ntchitoyo. Kwa Mposa, monga madera ambiri a Ayao, ndi kwa chikamwini, munda ndi wa mayi ndi mbumba yake. Amene amawokera mpunga msana uli chiweramire m'madzi, amene amatsegulira nkhuku m'mawa ndi kumwetsa mbuzi, nthawi zambiri ndi mayi ndi ana ake. Si bwino kuti tsiku la mphotho aitanidwe bambo chifukwa ndiye ali ndi jekete.

Chachiwiri adzati ndalama kulibe, ndipo anthu amene akuchokera m'njala safuna zionetsero. Zoona, zaka zapitazi zatipweteka. Namondwe wa Freddy anakokolola minda mu Malichi 2023, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Koma chaka chovuta ndicho chimaonetsa mbewu yopirira ndi mlimi wodziwa. M'mudzi uliwonse muli wina amene anakololako pamene anzake anabwerera chimanjamanja, mwina chifukwa anaphimbira nthaka ndi mapesi, mwina anadzala mapira, khobwe, chitowe kapena chinangwa pambali pa chimanga. Ku Balaka, komwe mvula imavuta kawirikawiri, anthu oterewa ndiwo ofunika kuwaimika pagulu kuti afotokoze. Pakhale mpikisano wa mbewu zamakolo, agogo abwere ndi zomwe anasunga m'zikwatu ndi m'mitsuko, anthu asinthane. Kumeneko sikuwononga ndalama.

Zomwe zimadya ndalama pa zionetsero zathu tonse tikuzidziwa: mafuta a mdipiti wa galimoto, maalawansi, matenti obwereka kutauni, chakudya cha alendo apamwamba, nsalu ndi malaya osindikiza. Chotsani zimenezo muone chotsala. Bwalo la sukulu lilipo. Mitengo ndi udzu womangira zisakasa anthu adzabweretsa okha akadziwa kuti mwambowo ndi wawo. Oweruza achokere ku EPA ina kuti pasakhale kukondera, wa ku Nsanama adzaweruze ku Domasi, wa ku Domasi apite ku Nsanama, ndipo pambali pa mlangizi aliyense pakhale mlimi wodziwika ndi wogula mmodzi. Makampani ofuna kuika tenti alipire, ndalamazo zigule mphotho, ndipo ndondomeko ya ndalama zonse imatidwe pakhoma kuti aliyense awerenge. Andale abwere ngati alendo, akhale pansi aonere. Nsalu za chipani zitsale kunyumba.

Tsiku lisankhidwe ndi alimi. Likhale mu Julayi kapena Ogasiti, mpunga wa dzinja utalowa m'nyumba, misewu itauma, mavenda asanatapule zonse. Lisakhale Lachisanu, pamene anthu ambiri akumeneko amapita kumzikiti, ndipo lisagwe m'mwezi wa Ramadan. Ndi zinthu zazing'ono, koma ndi zomwe zimaonetsa ngati wokonza mwambo anafunsa eni dera kapena anangoyang'ana kalendala ya bwana wake.

Ndondomeko yoyendetsera zonsezi boma linaikhazikitsa kale. Pali komiti ya DAECC yomwe imagwirizanitsa ntchito za ulangizi m'boma, pali magulu a alimi a m'dera la mfumu iliyonse, pali bungwe la alimi ogwiritsa ntchito madzi m'sikimu ya Domasi. Sitikupempha ofesi yatsopano kapena pulojekiti ya azungu. Inu a khonsolo ya Machinga, inu a ofesi ya zamalimidwe, Gogo Chalo Mposa ndi mafumu anu, khalani pansi mvula isanagwe, mulengeze tsiku, mutsegule kaundula wa opikisana kuti minda iyambe kuyenderedwa chaka chomwechino. A ku Balaka achite chimodzimodzi ku Utale kapena ku Phalula, opambana a mbali zonse akakumane ku Liwonde. Ndipo inu alimi, akadzakuitanani ku chionetsero, funsani mafunso atatu musananyamule dengu: woweruza ndani, wogula ndani, sikelo ibwera ndi ndani. Akalephera kuyankha, auzeni akakonzenso.